Momwe mungakonzere ulendo wa ana a pulayimale kuno ku Chigwa cha Shire, osabwerako ndi milandu

Chaka chilichonse teremu yachitatu ikamayandikira, mu sitafu rumu mumabuka nkhani ija ya ulendo wa ana, ndipo sipalephera mphunzitsi wina wonena kuti tiyeni ku Blantyre akaone ndege ku Chileka. Sindikukana ayi, ndege nzabwino. Koma ine ndaperekezapo ana maulendo angapo ndipo chimandipweteka nchakuti mwana wa ku Ngabu kapena ku Bangula amafika mpaka Sitandade 8 akungoiona njovu m'buku, pomwe azungu akukwera ndege kuchoka kwawo kudzaona njovu zomwezo m'chigwa mwathu muno. Nde ngati chaka chino ntchitoyi yagwera inu, nazi zomwe ine ndimachita, zina ndinaziphunzira nditapsa kale chala.

Poyamba sankhani malo, ndipo mudziwe chomwe mukukatengako

Musayambe ndi funso loti tikwera chiyani, yambani ndi loti ana akukaonako chiyani chomwe chili m'maphunziro awo. Kwa ine malo oyamba ndi Majete. Nkhalango imeneyi nyama zinali zitatheratu ndi opha nyama mozembera, kenako mu 2003 boma linagwirizana ndi bungwe losamalira nkhalango la African Parks kuti aziyendetsa, ndipo anayamba kubwezeretsamo nyama pang'onopang'ono, zipembere chaka chomwecho, njovu mu 2006, mikango mu 2012. Lero muli njovu, njati, mkango, kambuku ndi chipembere, kuphatikiza mbidzi, mphalapala, njiri, mvuu ndi ng'ona mu Shire. Mbiri imeneyi yokha ndi phunziro lathunthu kwa mwana amene kwawo amaotcha makala.

Ubwino wina wa Majete ndi woti mathithi a Kapichira ali konko. Apa ndi pomwe David Livingstone anakakamira ndi sitima yake mu 1859 atalephera kupitirira kumtunda, komanso ndi pomwe EGENCO imapanga magetsi, pafupifupi ma megawati 130. Ana a Sitandade 7 ndi 8 ambiri akukumbukira mdima uja unabwera namondwe wotchedwa Ana atawononga damu la pamenepa mu Januwale 2022, nde mukawalozera madziwo nkuwauza kuti babu la kusukulu limayaka chifukwa cha awa, zimawalowa kuposa choko chonse chomwe mwatha chaka chino.

Ngati muli cha ku Nchalo, Lengwe ili pakhomo penipeni, mumangodutsa m'minda ya nzimbe ya Illovo mwafika. Kumeneko nkwawo kwa nyala ndi njati, ndipo kuli timisasa tobisalamo pafupi ndi madziwe omwe nyama zimabwera kudzamwa. A ku Nsanje muli ndi Mwabvi kufupi ndi Bangula, muli ndi doko lija pa boma, komanso Khulubvi kwa Mbona, ngakhale kumeneko si kongofikira ndi chigulu cha ana, pali miyambo yake ndipo muyenera kuyamba mwakambirana ndi akuluakulu osunga malowo.

Sankhani malo amodzi, mukachulutsa awiri oyandikana. Zoti m'mawa Lengwe, masana Kapichira, madzulo msika wa Nchalo, ana amangobwerako ndi tulo basi.

Nyengo

Apa sinditaya nthawi. Okutobala ndi Novembala iwalani, kuno kutentha kumapyola madigiri 40 ndipo mudzakomokesa ana a eni. Januwale mpaka Malichi ndi madzi, tonse tikudziwa zomwe mitsinje ya Mwanza ndi Shire imachita ikakwiya, za namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 sindichita kukumbutsa munthu. Nthawi yake ndi Juni kapena kumayambiriro kwa Julaye, kunja kwazizira, misewu yauma, udzu wayamba kugwa nde nyama zimaoneka, komanso makolo ena agulitsako thonje, m'thumba muli kenakake.

Pemphani chilolezo, ndipo chikhale cholemba

Yambani ndi aHedi, iwo aitane komiti ya sukulu ndi PTA, komiti ija ya makolo ndi aphunzitsi, kenako kalata ipite kwa a PEA, alangizi a masukulu a m'dera lanu, ku ofesi yawo ya TDC kuti ofesi ya maphunziro idziwe kuti tsiku lakuti ana akuti sakhala pasukulu. Amfumu nawo auzeni, mutu umodzi susenza denga, ndipo tsiku lomwe zinthu zidzavute mudzafuna anthu amenewa ali mbali yanu. Nthawi yomweyo lembani kalata kumalo komwe mukupitako, kudakali mwezi wathunthu, munene tsiku, chiwerengero cha ana ndi cha akuluakulu. Funsani mtengo wa gulu la sukulu chifukwa Amalawi salipira ngati alendo akunja, funsaninso ngati galimoto yanu iloledwa kuzungulira mkati ndiponso ngati adzakupatsani wokulondolerani. Kumalo opangira magetsi makamaka simungangotulukira pageti opanda kalata.

Makolo musawatumizire uthenga wapakamwa kudzera mwa ana. Mwana ukamuuza kuti tikupita ku Majete Lachisanu, kunyumba akakanena kuti aphunzitsi akuti mundigulire nsapato zatsopano. Aitaneni pansi pa mtengo muwafotokozere nokha, m'Chichewa ndi m'Chisena momwe, kenako aliyense asayine kapena adinde chala pa kapepala kovomereza, alembenso nambala ya foni ndi matenda omwe mwana ali nawo. Ena amabisa zoti mwana amagwa khunyu kapena ali ndi mphumu poopa kuti mumusiya, nde afunseni pambali, mwaulemu. Agogo ena anandifunsapo kuti, "Aphunzitsi, nanga mkangowo ukamugwira mdzukulu wangayu mudzandibwezera chiyani?" Anthu anaseka koma funso lake linali lenileni, ndinawafotokozera kuti ana satsika m'galimoto mkati mwa nkhalango pokhapokha pamalo ololedwa, ndipo anadinda chala.

Ndalama, apa nde pagona nkhani

Maulendo ambiri a sukulu safera panjira, amafera m'thumba la mphunzitsi. Osati kuti aphunzitsife ndife akuba, koma ndalama ya anthu ukaisunga kunyumba mwezi uli pakati, mchere watha, umati ndingobwereka pang'ono ndidzabweza pa malipiro, mapeto ake dzina lako lamveka mudzi wonse. Ine ndalama sindigwira. Amatolera ndi msungichuma wa komiti, pali kope limodzi lolembamo dzina la mwana, tsiku ndi ndalama yomwe wapereka, ndipo Lachisanu lililonse timawerengera limodzi anthu atatu. Otumiza pa Airtel Money kapena Mpamba atumize pa nambala imodzi yomwe komiti yagwirizana, uthenga wake osafufuta.

Bajeti ilembeni pa bolodi aliyense aone: galimoto, zolipira pageti, chakudya, mankhwala, ndi ina yapadera ya zogwa mwadzidzidzi monga kuphulika kwa tayala. Lolani makolo azipereka pang'onopang'ono, wina akabwera ndi nkhuku kapena chitini cha mapira komiti igulitse, musamubweze.

Ndiye pali ana aja omwe mukudziwa kale kuti kwawo sangapeze olo theka, amasiye, olera azing'ono awo, ena nyumba zinapita ndi madzi mpaka pano sanaimebe bwino. Nthawi zambiri ndi omwewo amakhoza m'kalasi. Kuwasiya ataima pa bwalo akubayibitsa anzawo ndi chinthu chomwe ndinachiona kamodzi ndipo sindifuna kuchionanso. Onjezani kandalama kochepa pa mutu wa aliyense makolo atavomereza, gulitsani masamba a m'dimba la sukulu, pemphani amalonda a pa trading centre ndi ana akale a pasukulupo omwe ali m'tauni pa gulu la WhatsApp. Koma mayina a othandizidwawo asawerengedwe pa asembule.

Galimoto

Lole ayi. Ndikudziwa njotchipa ndipo kumpira timapita pa lole, koma ana makumi asanu pa lole yopanda denga, fumbi, dzuwa, wina akufuna kuimirira kuti aone bwino, komanso m'nkhalango muli mikango, ayi ndithu. Pezani kosita kapena basi, mupite mukaione ndi maso anu, matayala, sipeya, mabuleki, mapepala a inshuwalansi ndi laisensi ya dalaivala, chifukwa apolisi apamsewu sadzamva zoti ndi ana asukulu. Mwana aliyense akhale ndi mpando.

Mwini galimoto mupatseni theka lokha, inayo pobwera, ndipo mulemberane. Chaka china tinapereka yonse kwa bambo wina, tsiku la ulendo ana anafika 5 koloko m'mawa atadzola mafuta mpaka kuwala, galimoto inatulukira 9 koloko chifukwa inayamba yakatula anthu ndi matumba kumsika. Tinafika dzuwa lili paliwombo nyama zonse zitabisala, tinangoona anyani ndi njiri ziwiri. Nde dzulo lake muimbireni dalaivala, ngati nkotheka galimoto igone pasukulu pomwepo, mafuta atathira kale.

Madzi, chakudya ndi kabokosi ka mankhwala

Madzi tengani ochuluka kuposa momwe mukuganizira, zigubu za malita 20 zingapo, othira kale mankhwala, ndipo mwana aliyense abwere ndi botolo lake. Ngakhale mu Juni masana kuno kumawotcha. Chakudya chikhale chimodzi kwa onse, amayi a mother group aphike m'bandakucha mpunga ndi nyemba kapena mazira owiritsa, kuwonjezera mbatata ndi thobwa. Mukalola kuti aliyense atenge zake, wina atulutsa tchipisi ndi fanta pomwe mnzake wamanga masau pakansalu, ndipo uyu wa masauyu akadyera kuseri kwa basi.

M'kabokosi muikemo panado, Thanzi, bandeji, sopo, timapepala ta pulasitiki ta osanza, ndi mapadi a atsikana akuluakulu osungidwa ndi aphunzitsi aakazi. Pa ulendo pasalephere kukhala madamu ndi mayi mmodzi wa mother group, pali zina mtsikana wa Sitandade 7 sangauze mphunzitsi wamwamuna ngakhale zitavuta bwanji. Mukatha kunyengerera mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti apite nawo, mwapambana.

Werengani ana, muwerengenso

Agaweni m'magulu a khumi khumi, gulu lililonse ndi wamkulu wake yemwe ali ndi mayina papepala. Mwana aliyense akhale ndi mnzake womuyang'anira. Onse avale yunifolomu, si tsiku la fasho, yunifolomu imaoneka patali. Ndipo paliponse pomwe galimoto yaima, musananyamuke itanani mayina mmodzimmodzi mwana ayankhe mukumuona nkhope. Zofunsa kuti "tonse takwera?" nzabodza, amayankha "eeee" onse ngakhale atatsala asanu.

Izi ndikunena zinandichitikira ineyo. Tikubwerera tinaima pa Dyeratu kuti ana ataye madzi, ine nditatopa ndinangoponya maso nkuti tiyeni. Tayenda kamtunda ndithu kamtsikana kena kakundikoka malaya, "Sala, mnzanga uja sanakwere." Mtima unachita ngati waima. Tinatembenuka, tinakamupeza kamnyamata ka Sitandade 5 kataima pambali pa mayi wogulitsa mandasi, misozi ili chuchuchu, mayiyo atakapatsa mandasi awiri nkukagwira padzanja. Anandiyang'ana nkunena kuti, "Achimwene, ana a eni awa, muziwerenga." Ndinalibe poyankha. Kuyambira tsiku limenelo pepala la mayina limakhala m'thumba la malaya, osati m'chikwama.

Mukafika

Malamulo auzeni kusukulu dzulo lake, pageti mungobwereza: osatulutsa mutu kapena mkono pawindo, osakuwa, osaponyera anyani chakudya, osataya mapepala, osayandikira madzi ngakhale aoneke odekha chifukwa ng'ona za mu Shire tonse timazidziwa. Nyimbo aimbe mumsewu mmene angathere, koma mkati muno pakamwa potseka. Ku Lengwe mu kamsasa kaja ana anga anakhala duu mphindi zambiri ena atayamba kunyinyirika, kenako nyala yamphongo inatulukira pang'onopang'ono kudzamwa, mwana wina anandinong'oneza kuti "Sala, ili ndi masokosi achikasu." Kuona maso a nkhono nkudekha kumeneko.

Wokulondolerani mumusiye alankhule, inu mphunzitsi lero ndinu mwana wasukulu nanunso. Mwana aliyense akhale ndi kope ndi pensulo komanso mafunso atatu okha omwe mwamupatsa, monga nyama zomwe waona, zomwe zimadya, ndi chifukwa chomwe nkhalango anaitchingira ndi waya wamagetsi. Mukawapatsa mafunso makumi awiri amathera tsiku lonse maso ali pa pepala njovu ikudutsa. Foni yojambulira ikhale imodzi kapena ziwiri za aphunzitsi, ndipo zithunzi za ana musamangoziponya pa Facebook makolo osadziwa.

Pobwerera

Nyamukani dzuwa likadalipo, cholinga mufike kusukulu kusanade chifukwa ana ena ayendanso wapansi mtunda wautali kukafika kwawo. Netiweki ikangogwira imbirani aHedi kuti auze makolo nthawi yofikira. Pasukulu itananinso mayina komaliza, ang'onoang'ono aperekeni m'manja mwa owatenga, otsala aperekezeni.

Lolemba lake ana alembe chimangirizo kapena ajambule zomwe anaona, zabwinozo mumate pakhoma, ndipo awiri atatu afotokozere anzawo pa asembule. Sabata yomweyo isanathe itanani komiti ndi makolo, msungichuma awerenge kope lija mokweza ndi malisiti onse ali patebulo, ndalama yotsala ngakhale ikhale yogula choko bokosi limodzi inenedwe ndipo agwirizane okha chochita nayo. Kalata yothokoza kumalo komwe munapita alembe ndi ana eni ake ndi dzanja lawo, inu mungokonza masipelo.