Kasinthidwe ka Mafulakishoni, Madesimo ndi Maperesenti

Ophunzira ambiri a Sitandade 7 ndi 8, ngakhalenso a Fomu 1, amaona mafulakishoni, madesimo ndi maperesenti ngati mitu itatu yosiyana imene iyenera kulowezedwa payokhapayokha, ndipo maganizo amenewa ndi amene amawasokoneza pa mayeso. Zoona zake n'zakuti 1/2, 0.5 ndi 50 peresenti ndi nambala imodzi yomweyo, theka, yolembedwa m'njira zitatu. Kusintha kuchoka pa kalembedwe kena kupita pa kena sikukulitsa kapena kuchepetsa nambalayo ngakhale pang'ono.

Poyambira pabwino ndi ndalama yathu. Kuyambira mu 1971, pamene kwacha inalowa m'malo mwa paundi, kwacha imodzi ndi matambala 100, monganso kwacha ya ku Zambia ili ndi ngwee 100. Ngakhale kuti masiku ano tambala sagula kanthu pamsika, pa masamu akadali wothandiza kwambiri, chifukwa mtengo wolembedwa K0.25 ndi desimo kale, matambala 25 mwa 100 ndi 25 peresenti, ndipo ndalama yomweyo ndi kota ya kwacha, kutanthauza 1/4. Mawu akuti peresenti anachokera ku Chilatini ndipo amatanthauza "pa 100 alionse", choncho mukamva peresenti muziganiza za chinthu chimene chagawidwa magawo 100 ofanana.

Kuti musinthe fulakishoni kukhala desimo, gawani nambala ya pamwamba ndi nambala ya pansi, popeza kamzere kamene kali pakati pa nambala ziwirizo ndi chizindikiro cha kugawa. Titenge 3/8. Nambala 8 singalowe mu 3, choncho lembani 0 ndi kadontho, kenako ikani ziro kumapeto kwa 3 kuti akhale 30. Mu 30, nambala 8 ikulowamo katatu ndipo kutsala 6. Ikaninso ziro kuti akhale 60, mmene 8 akulowamo kasanu ndi kawiri n'kutsala 4, ndipo pomaliza 40 akugawika ndi 8 kasanu popanda chotsala. Yankho ndi 0.375. Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri m'makope a ana n'chakuti, poona kuti 8 ndi wamkulu kuposa 3, amatembenuza samuyo n'kugawa 8 ndi 3. Njira yodzitetezera n'kufunsa kaye ngati fulakishoniyo ikufika pa chinthu chathunthu: ngati nambala ya pamwamba ndi yaing'ono kuposa ya pansi, yankho liyenera kuyamba ndi ziro ndi kadontho.

Pali njira yachidule pamene nambala ya pansi ikulowa bwinobwino mu 100, monga 2, 4, 5, 10, 20, 25 ndi 50. Mwana amene wapeza malikisi 18 pa 25 angochulukitsa nambala zonse ziwiri ndi 4 kuti apeze 72/100, ndipo pamenepo 0.72 ndi 72 peresenti zaonekera zokha.

Kubwerera kuchoka pa desimo kupita ku fulakishoni kumadalira kuwerenga malo a manambala amene ali kumanja kwa kadontho. Malo oyamba ndi magawo a 10, achiwiri ndi magawo a 100, achitatu ndi magawo a 1,000. Motero 0.6 ndi 6/10, 0.35 ndi 35/100, ndipo 0.125 ndi 125/1,000. Ntchito sinathe mpaka mutachepetsa fulakishoniyo pogawa pamwamba ndi pansi ndi nambala imodzi yomweyo: 6/10 akhala 3/5, 35/100 akhala 7/20 mukagawa ndi 5, ndipo 125/1,000 akhala 1/8 mukagawa ndi 125. Ngati nambala yaikulu yogawira simukuiona msanga, gawani ndi 5 kapena 2 mobwerezabwereza mpaka pasapezekenso nambala yolowa monse muwiri.

Apa ndiyenera kuchedwapo pang'ono pa nkhani ya katchulidwe, chifukwa ndi gwero la zolakwa zambiri. Mwana amene amatchula 0.25 ngati kuti kumanja kwa kadontho kuli nambala 25 yathunthu, ndi 0.5 ngati kuti kuli 5, amafika poganiza kuti 0.25 ndi wamkulu kuposa 0.5. Muuzeni alembe zonse ziwiri ngati ndalama, K0.25 ndi K0.50, kenako mumufunse ndalama imene angasankhe. Sadzalakwitsa, ndipo adzakhala ataphunzira kuti ziro woikidwa kumapeto kwa desimo sasintha kanthu, pamene ziro woikidwa pakati pa kadontho ndi nambala, monga mu 0.05, amasintha zonse.

Kusintha desimo kukhala peresenti n'kuchulukitsa ndi 100, zimene pakulemba zimaoneka ngati kusuntha kadontho malo awiri kupita kumanja. Choncho 0.375 uja ndi 37.5 peresenti, 0.07 ndi 7 peresenti, ndipo 0.7 ndi 70 peresenti chifukwa malo achiwiri, amene analibe nambala, timawadzaza ndi ziro. Pobwerera mumagawa ndi 100, kadontho n'kusuntha malo awiri kupita kumanzere, moti 5 peresenti ndi 0.05 osati 0.5. Ndimalangiza makolo ndi aphunzitsi kuti asaphunzitse kusuntha kadontho ngati lamulo longoloweza mwana asanamvetse chifukwa chake, pakuti woloweza chabe amaiwala mbali yosunthira akangolowa m'chipinda cha mayeso, pamene wodziwa kuti 5 peresenti ndi matambala 5 pa kwacha amadzikonza yekha.

Fulakishoni imafika ku peresenti podzera pa desimo. Malikisi 34 pa 40 ndi 34 kugawa ndi 40, zimene zikupereka 0.85, ndiye kuti 85 peresenti. Peresenti nayo imasanduka fulakishoni mukaiika pamwamba pa 100 n'kuchepetsa. Feteleza wa Urea ali ndi 46 peresenti ya nayitirojeni, ndipo 46/100 mukamuchepetsa ndi 23/50, kutanthauza kuti m'thumba la makilogalamu 50 limene mlimi amanyamula pa njinga muli makilogalamu 23 a nayitirojeni. Peresenti ikakhala ndi kadontho, yambani mwachotsa kadonthoko pochulukitsa pamwamba ndi pansi ndi 10. Msonkho wa VAT, umene kwa zaka zambiri m'Malawi unali 16.5 peresenti, ndi 165/1,000 kapena 33/200, ndipo monga desimo ndi 0.165. Pa katundu wa K20,000 msonkho wotere ndi K3,300, ndipo apa desimo ndiyo yosavuta kugwiritsa ntchito kuposa fulakishoni.

Peresenti yoposa 100 isakudabwitseni. Nambala 150 peresenti ndi 1.5, chinthu chathunthu chimodzi ndi theka.

Mafulakishoni ena sagawika mpaka kutha. Mukagawa 1 ndi 3 mupeza 0.333 ndipo nambala 3 imangobwerezabwereza, pamene 2/3 amapereka 0.666 mopitirira chimodzimodzi. Zimenezi zimachitika nthawi zonse pamene nambala ya pansi ya fulakishoni yochepetsedwa kale ikugawika ndi nambala monga 3, 7 kapena 11. Pa mayeso mukhoza kuuzidwa kulekeza pa malo awiri, n'kulemba 0.33 kapena 0.67, koma dziwani kuti mayankho amenewa ndi oyandikira chabe, ndipo yankho lenileni la 1/3 ndi 33⅓ peresenti. Kusiyanaku kumaoneka pa ndalama. Anthu atatu a m'gulu la banki m'khonde akamagawana K90,000 mofanana, aliyense ayenera kulandira K30,000, koma mlembi akachulukitsa ndi 0.33 aliyense alandira K29,700, ndipo K900 itsala m'bokosi popanda mwini wake. Pa samu yotere siyani nambalayo ikhale fulakishoni mpaka kumapeto.

Ndi bwino kuti wophunzira adziwe pamtima manambala ochepa amene amabwera kawirikawiri: theka ndi 0.5 kapena 50 peresenti, kota ndi 0.25 kapena 25 peresenti, 3/4 ndi 0.75, 1/5 ndi 0.2, 1/10 ndi 0.1, ndipo 1/8 ndi 0.125 kapena 12.5 peresenti. Manambala amenewa ndi muyeso woonera ngati yankho lililonse likumveka. Mwachitsanzo, 3/8 ndi wamkulu kuposa kota, amene ndi 2/8, koma safika pa theka, lomwe ndi 4/8, choncho yankho lake liyenera kukhala pakati pa 25 ndi 50 peresenti. Wophunzira amene wapeza 3.75 kapena 375 peresenti adziwa nthawi yomweyo kuti kadontho kali pamalo polakwika, ndipo abwerere kukawerenganso malo amene anasuntha.