Kagwiritsidwe ka neti kuti udzudzu usakupezeni usiku

Mvula ikangoyamba udzudzu umachuluka zedi, ndipo neti ambiri tili nayo inde, koma kagwiritsidwe kake ndi komwe timaphonya. Udzudzu wobweretsa malungo ndi waukazi wa mtundu wa Anopheles, umaluma kwambiri usiku anthu tili mtulo, ndiye nkhondo yeniyeni ili pogona pomwepo.

Neti yatsopano musagonemo tsiku lomwelo. Itulutseni mupepala lake muyanike pamthunzi kwa maola 24, apo bii mudzuka nkhope ikuyabwa n'kumanena kuti maneti aboma ndi oipa chonsecho mwapupuluma nokha. Pomanga kokani ngodya zonse zinayi ndi zingwe, kaya pamisomali yapakhoma kaya pamitengo yadenga, kenako kunsi kuja mupisire pansi pa matilesi kapena mphasa mbali zonse, osasiya mpata olo pang'ono. Apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa, neti imangolendewera ngati katani udzudzu n'kumalowera pansi. Ikhalenso yotakasuka bwino chifukwa mkono kapena phazi likatsamira neti udzudzu umakulumani uli panja, makamaka ana omwe amagubuduka usiku onse.

Kabowo kakaoneka sokani ndi singano tsiku lomwelo. Kuchapa ndi mwa apo ndi apo basi, madzi ozizira ndi sopo wamtanda, osati Jik, ndipo muyanike pamthunzi poti dzuwa limapha mphamvu ya mankhwala ophera udzudzu omwe ali mu netimo. Mankhwala aja amapirira kuchapa pafupifupi ka 20. Osachapira kumtsinje, amapha nsomba. Zogwirira usipa kapena kutchingira dimba ndi neti zija nde ayi abale.

Panja kwirirani zithaphwi ndi maenje omwe munaumbira njerwa, udzudzu umaikira mazira m'madzi odekha ndipo pakangotha masiku ngati 10 ana aja ayamba kale kuuluka.

Thupi likatentha, mutu, kuphwanya m'thupi, musangomwa panado n'kugona. Pitani kuchipatala akakubayeni pachala, zotsatira zimatuluka pasanathe mphindi 20. Akakupezani ndi malungo akupatsani mankhwala a LA, mumwe kawiri patsiku masiku 3, mutadya kaye makamaka chakudya cha mafuta pang'ono, ndipo mumalize onse olo mutayamba kupeza bwino tsiku lachiwiri. Amayi oyembekezera kusikelo amalandira Fansidar ndi neti, osajomba. Mwana akayamba kukomoka, kusanza chilichonse kapena kukana kuyamwa, musadikire kuche, nyamukani usiku omwewo.