Mayi wokodwa ndi tramadol musamudikire kuchipatala

Inu mavolontiya a zaumoyo kuno ku Mangochi, tiyeni tikambe za mankhwala amphamvu opha ululu: tramadol, codeine wa m'mankhwala ena a chifuwa, pethidine ndi morphine. Onsewa ndi a mtundu umodzi ndi heroin, mankhwala ozunguza bongo. Kuchipatala amathandiza zedi, koma thupi likawazolowera, munthu akaleka amatuluka thukuta, kuyasamula pafupipafupi, kutsegula m'mimba, kuphwanya m'thupi, tulo osabwera.

Lipoti la 2024 la UNODC, nthambi ya United Nations yoona za mankhwala ozunguza bongo, linati padziko lonse, mwa abambo 7 alionse okodwa ndi mankhwala ozunguza bongo mmodzi amalandira chithandizo, pomwe kwa amayi ndi mmodzi mwa 18. Ine sizindidabwitsa. Bambo akakodwa zimaonekera poyera: ndalama za usipa zatha, kunyanja sakupitanso, abale amunyamula. Mayi amafera mumtima. Amaopa kutchedwa mayina pachitsime, kutha kwa banja, kulandidwa ana. Nthawi zina wobweretsa mapilitsiwo ndi mwamuna wake yemwe. Ambiri amayamba ndi ululu weniweni, wa msana kapena wa opaleshoni.

Tsono mayi wotere mupezeni kusikelo, mukhale awiriwiri, amuna ake ndi apongozi ali panja. Mawu akuti "ozunguza bongo" asatuluke pakamwa panu. Funsani kuti: "Mayi, ululu ukakula mumamwa chiyani? Nanga mukapanda kumwa mumamva bwanji?" Akamasuka, kambiranani za amene atsale ndi ana komanso ndalama yokwerera, pakuti n'zimene zimamanga mayi miyendo. Mwini mbumba auzidwe pokhapokha mayiyo atalola.

Woyembekezera musamuuze kuti aleke lero lomwe, chonde. Kuleka mwadzidzidzi kungachititse kuti apite padera kapena abereke masiku asanakwane. Mperekezeni kuchipatala cha boma cha Mangochi, azamba adziwe, chifukwa khandalo litha kubadwa thupi litazolowera kale mankhwalawo.

Abambo apezeni kudooko, kaya ku Makanjira kaya ku Malombe, muwachenjeze zophatikiza mapilitsi ndi kachasu. Munthu womwa mankhwalawa akagona osadzuka, akupuma motalikiza, mwana wa diso atachepa ngati kadontho, mgonekeni chammbali n'kuthamangira naye kuchipatala. Mankhwala obweza vutoli dzina lake ndi naloxone. Wofunika chithandizo chachitali madokotala angamutumize ku Zomba Mental Hospital, kapena ku St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu.