Momwe mungapezere khadi logulira chamba cha mankhwala ku Pennsylvania

Kwathu munthu akapezeka ndi chamba timadziwa kuti nkhani yake ikathera kupolisi. Ku America zigawo zambiri zinalola odwala ena kuchigwiritsa ntchito ngati mankhwala, koma chigawo chilichonse chili ndi malamulo akeake. Ku Indiana, komwe abale athu ambiri amakhala mumzinda wa South Bend, dongosolo lotere kulibe. Pano tikamba za Pennsylvania, komwe Tom Wolf, yemwe anali bwanamkubwa panthawiyo, anasaina lamulo lololeza zimenezi mu April 2016.

Musanalembe dzina lanu paliponse, yambani mwadzifunsa ngati ndinu nzika ya America. Ngati muli pa visa ya sukulu kapena ya ntchito, kapena muli ndi green card, imani kaye. Khadi limeneli amapereka ndi boma la chigawo, pomwe nkhani za mapepala okhalira m'dzikomo zili m'manja mwa boma lalikulu la ku Washington, lomwe siliyendera malamulo a Pennsylvania. Mu 2019 ofesi ya USCIS, yoona za unzika ndi anthu obwera m'dzikomo, inanena poyera kuti kukhudzidwa ndi chamba kungamulepheretse munthu kukhala nzika, ngakhale kudera komwe akukhala n'chololedwa. Kungovomera pamaso pa ofisala kuti munagwiritsapo ntchito kukhoza kukuikani m'mavuto. Ine ndimaona kuti ndalama yolipira loya wa za mapepala musanayambe china chilichonse ndi yochepa poyerekeza ndi zaka zomwe mwavutikira kuti mukhazikike. Akakuuzani kuti musayerekeze, mverani, mukakambirane ndi dokotala za mankhwala ena.

Ngati njira ili poyera, choyamba ndi kulembetsa pa webusayiti ya unduna wa zaumoyo wa chigawochi, Pennsylvania Department of Health. Mufunika layisensi yoyendetsera galimoto kapena chiphaso cha Pennsylvania, ndi imelo. Dzina ndi adiresi lembani ndendende monga zilili pa chiphasocho. Ngati munasamuka, kakonzetseni kaye adiresi ku PennDOT, ofesi ya za mtengatenga yomwe imapereka ziphasozi, chifukwa kompyuta ikapeza kusiyana imakubwezani. Mukamaliza mupatsidwa nambala yanu ya wodwala, muisunge.

Kenako pitani kwa dokotala, koma si dokotala aliyense. Ayenera kukhala amene anachita maphunziro ake n'kulembedwa m'kaundula wa unduna, ndipo mndandanda wawo uli pa webusayiti yomweyo. Ambiri amaonana ndi odwala pa vidiyo. Ntchito yake ndi kutsimikiza kuti muli ndi limodzi mwa matenda opitirira 20 amene lamulo linavomereza: khansa, HIV ndi Edzi, khunyu, sickle cell, Parkinson's, ululu waukulu wosatherapo, nkhawa yofika pa matenda, ndi ena. Tengani mapepala anu akuchipatala, ndipo mumuuze mankhwala onse amene mukumwa, makamaka ochepetsa kuundana kwa magazi ndi ogonetsa. Ngati ndinu oyembekezera, mukuyamwitsa, kapena kubanja kwanu kuli amene anadwalapo misala, musabise. Chamba chimatha kudzutsa matenda a maganizo mwa anthu ena, ndipo izi si nthano za agogo ayi. Inshulansi nthawi zambiri silipira ulendo umenewu, choncho funsiranitu mtengo.

Dokotala akatsimikiza, bwererani pa webusayiti mukalipire madola 50. Amene ali pa mapulogalamu a boma othandiza anthu monga Medicaid, SNAP, WIC, CHIP kapena PACE asonyeze pamenepo, chifukwa pali thandizo pa ndalamayi. Khadi limabwera pa positi.

Likafika, tengani khadilo pamodzi ndi chiphaso chanu kusitolo yovomerezeka imene amaitcha dispensary. Kumeneko kuli katswiri wa mankhwala woti mukambirane naye. Muli mafuta, mapilisi, odontheza pansi pa lilime, opaka pakhungu, ndi masamba ouma. Masambawo lamulo limalola kukoka nthunzi yake ndi kachipangizo, osati kupichira n'kuyatsa. Yambani ndi pang'ono kwambiri. Kudzala nokha pakhomo sikuloledwa, ndipo kugawirako mnzanu ndi mlandu.

Mwana wosakwana zaka 18, kapena wodwala amene sangathe kuyenda, amafunika womusamalira wa zaka 21 kapena kuposa, yemwe amalembetsa payekha n'kufufuzidwa mbiri yake ya milandu.

Khadili limafuna kukonzanso chaka ndi chaka, dokotala n'kutsimikizanso. Silingakutetezeni mukagwidwa mukuyendetsa galimoto chamba chili m'magazi, ndipo pa ntchito zina, monga kuyendetsa mathiraki, amayezabe. Mankhwalawo musaoloke nawo malire a chigawo, musakwere nawo ndege. Pobwera kumudzi asiyeni komweko. Lamulo la Malawi la 2020 linatsegula njira ya ulimi ndi malonda kwa okhawo amene ali ndi chilolezo cha Cannabis Regulatory Authority, ndipo wapolisi wa pa Chileka kapena pa Kamuzu International Airport alibe nalo ntchito khadi la ku Pennsylvania.