Memory ikachepa, musathamangire range tree

Ngati pulogalamu yanu imafufuza malo onse omwe ali mkati mwa bokosi linalake pamapu, ndipo idzagwira ntchito pafoni yotchipa ya memory (mosungira deta) yochepa, yambani ndi k-d tree, njira yosanjira deta ngati mtengo wa nthambi kuti izipezeka msanga. Range tree, njira ina yochitira ntchito yomweyo, imayankha msanga, inde, koma imasunga malo aliwonse kambirimbiri: pa malo 1 miliyoni, aliwonse amalembedwa pafupifupi ka 20. K-d tree, imene Jon Bentley anaifotokoza mu 1975, imawasunga kamodzi kokha.

K-d tree yanuyo musaimangenso ndi ma pointer, manambala olozera pomwe chinthu chili mu memory. Pa makina a 64-bit pointer imodzi imadya mabaiti 8, ndiye awiri pa nthambi iliyonse ndi 16, kuposa malo enieniwo nthawi zina. Kuwononga kumeneko! Ikani zonse mu array (mndandanda) imodzi, muigawe pakati potengera x (longitude), kenako theka lililonse potengera y (latitude), mosinthanasinthana. Malo apakatiwo ndiwo nthambi, akumanzere ndi akumanja ndiwo ana ake.

Latitude ndi longitude muzichulukitse ndi 10 miliyoni n'kuzisunga ngati ma integer (manambala athunthu) a 32-bit. OpenStreetMap, mapu aulere a pa intaneti, imachita zomwezo, ndipo mumangophonya ndi kasentimita kamodzi basi.

Njirayi ndi ya deta yosasinthasintha. Ngati mumawonjezera malo tsiku ndi tsiku, gwiritsani ntchito R*Tree, njira ina yosanjira malo, ya mu SQLite, pulogalamu yosungira deta.