Momwe mungalumikizire maiki ya condenser m'situdiyo ya kunyumba

Achinyamata amene akutsegula masitudiyo m'nyumba ku Ulongué, ku Moatize ndi mumzinda wa Tete, ambiri ndalama zawo zonse amazithira pa maiki. Ine maganizo anga ndi akuti condenser ndi yabwinodi pa mawu a woimba, koma makutu ake ndi akuthwa mopitirira. Imatola kupuma kwa munthu ndi kukoma konse kwa mawu, n'kutolanso chigayo cha kuseri, njinga yamoto ya pamsewu ndi kulira kwa magetsi a m'nyumba mwanu. Maiki yamtengo wapakati yolumikizidwa bwino imaposa yodula imene yangoponyedwa m'chipinda.

Chimene imamvera chonchi n'chakuti mkati mwake muli kachimbale kopyapyala kwambiri, kamene kamagwedezeka ngakhale ndi mawu onong'ona. Maiki za dynamic, monga Shure SM58 ija timaiona m'matchalitchi, zili ndi koyilo ndi maginito, choncho n'zolemerako ndipo zimafuna munthu aziyandikire. Ngati nyumba yanu ili m'mphepete mwa msewu wa magalimoto akuluakulu opita ku Zóbuè, ingogulani dynamic, musadzivutitse.

Poyamba, kugula. Woyamba kumene ndimamuuza Audio-Technica AT2020. Kunja imagulitsidwa pafupifupi madola 100, omwe ndi mametikali opitirira 6,000, musanawerengere zonyamulira ndi msonkho wa pachipata. Amene thumba likulola, Rode NT1-A ya ku Australia ili ndi mbiri yosatulutsa kaphokoso kakekake, n'chifukwa chake imakomera oimba motsitsa, ngakhale kwa ine imawalitsa mawu a "s" mopyola pang'ono. BM-800 ija imabwera m'katoni limodzi ndi kamkono, kansalu ndi kabokosi ka V8 ndi yochezera pa Facebook, osati yojambulira kwaya imene yasonkherana ndalama chaka chonse.

Chenjerani ndi ogulitsa a m'magulu a WhatsApp. Neumann U87 yeniyeni, imene inayamba kupangidwa ku Germany mu 1967, imadula madola opitirira 3,000. Wina akakuuzani kuti akugulitsa pamtengo wa mbuzi imodzi chifukwa "yabwera ndi m'bale wa ku Joni", dziwani kuti dzina lokha ndilo la Neumann. Musatumize ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola musanaimve ikugwira. Nyamulani mahedifoni anu, muyese pomwepo.

Chachiwiri ndi interface, kabokosi kolumikiza maiki ndi laputopu. Condenser ngati AT2020 ndi NT1-A sizigwira popanda magetsi a 48V, amene amatchedwa phantom power, ndipo amadutsa m'nthambo ya XLR ya mano atatu. Focusrite Scarlett Solo kapena Behringer UMC22 zikukwanirani. Nthambo ikhale XLR mbali zonse ziwiri. Ija ya XLR mbali imodzi, inayo kajeki kolowa m'laputopu, ikani m'chikwama.

Polumikiza, tsitsani gain, kopotokola kokwezera mawu a maiki pa interface, mpaka pansi, lowetsani nthambo, kenako dinani batani la 48V. Pochotsa yambani ndi kuzimitsa 48V, dikirani masekondi angapo, ndiye muzule. Mukapanda kutero mumva "phu!" woopsa m'masipika. Mukalumikiza, sankhani interface yanu m'pulogalamu yojambulira, monga FL Studio, Cubase kapena Audacity.

Tsopano pamene pananditayitsa tulo. Zonse zinali zatsopano, nthambo yabwino, koma m'mahedifoni munkamveka "zzzzz" wosalekeza pansi pa mawu. Poimba mokweza ankabisala, woimba akangopuma n'kutulukira. Nyimbo ya uthenga wabwino imene tinkajambula inali ndi malo ambiri odekha, ndipo mukaika compressor, chida chofananitsa mawu okweza ndi otsika, kulirako kunkakwera nawo limodzi. Ndinasintha nthambo, palibe. Ndinabwereka maiki ina, chimodzimodzi. Chinandipatsa nzeru n'chakuti ndikagwira thupi la maiki ndi dzanja, kulirako kunkasintha. Nditazula tchaja ya laputopu kukhoma, kunati zii.

Vuto linali waya wa nthaka, amene amisiri a magetsi kuno amati terra. Magetsi athu ndi a 220V ndipo amazungulira ka 50 pa sekondi. Nyumba zambiri za lendi zili ndi masoketi a mabowo awiri okha, opanda waya wachitatu wopita m'nthaka. Zikatero, tinyenyeswa ta magetsi totayika m'tchaja timasowa kolowera, ndiye timayenda m'nthambo ya USB, kulowa mu interface, mpaka m'nyimbo. Ife a kumalire tili ndi msampha wina. Laputopu kapena masipika ogulidwa ku Lilongwe kapena ku Blantyre, n'kudutsa nawo pa Calómuè kapena Zóbuè, amabwera ndi pulagi ya ku Malawi ya mano atatu aphwatalala. Timagula ka adaputa kotchipa pamsika kuti ilowe m'soketi ya kuno, osadziwa kuti dzino lachitatulo, lomwe ndi la nthaka, m'ka adaputamo silikukhudza chilichonse.

Ena adzakuuzani kuti mudule kulirako ndi EQ, chida chodulira magawo a mawu, pa 50 Hz, kuja kuzungulira ka 50 pa sekondi. Sizikwanira. Kulirako kuli ndi ana ake pa 100, 150, 200 ndi kupitirira, ndipo m'menemo ndi mmene muli kunenepa kwa mawu a mwamuna. Mukadula zonsezo woimba besi atsala ngati akuyankhula pafoni. Timapulogalamu ta plugin tochotsa phokoso natonso timasiya mawu akumveka ngati ali m'madzi.

Njira yachidule ndi iyi: tchajani laputopu mpaka kudzaza, zulani tchaja, jambulani ndi batire. Interface imadyera pa USB, choncho palibe chimene chikukhudza khoma, bola mugwiritse mahedifoni osati masipika. Ubwino wake wina, mayunitsi a Credelec akatha pakati pa vesi simutaya kanthu. Njira yokhalitsa ndi kuitana mmisiri wodziwa ntchito akhomere ndodo ya kopa m'nthaka, akokere waya kusoketi imodzi ya m'situdiyo. Musayese nokha, achimwene, magetsi alibe chibale. Zida zonse zidyere pa extension imodzi yochokera m'soketi imeneyo. Nthambo ya maiki isagone motsatana ndi ya magetsi. Ngati zikumana, zidutsane mopingasa. Foni ikhale kutali, apo ayi mudzamva "tu-tu-tu" uthenga ukamalowa. Mababu ena otchipa a LED nawonso amalira, yesani kuwazimitsa mumve. Abale a ku Tsangano ndi ku Macanga amene mumadalira sola, inverter yotchipa imachita zomwezi. Yolembedwa pure sine wave ndiyo siivutitsa.

Magetsi akakhala chete, yang'anani chipinda. Ombani m'manja kamodzi. Mukamva mawu akubwerera, maiki iwamva kuposa inu. Khoma la simenti, pansi pa simenti ndi denga la malata lopanda siling'i ndi adani. Imikani matiresi kumbuyo kwa woimba, chifukwa kumeneko ndi kumene maiki yaloza, pachikani mabulangete okhuthala m'mbali motalikirako pang'ono ndi khoma, pansi yalani kapeti. Makatoni a mazira amene anthu amamata m'makoma amangosunga mphemvu, ndipo moto ukabuka ndi nkhuni. Musaimike maiki pakona kapena pakati penipeni pa chipinda.

Mumzinda wa Tete mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, koma fani iyenera kuzima pojambula. Jambulani m'bandakucha, vesi imodzi imodzi, mukutsegula chitseko pakati. Kuno ku Angónia chovuta ndi mvula pamalata. Ikayamba, pumulani basi.

Kaimidwe. Maiki zambiri za mtundu uwu zimamvera m'mbali, osati pamutu, ndipo kutsogolo kwake ndi kumene kuli chizindikiro cha kampani. Mawu akamamveka ngati akuchokera chipinda china, yang'anani kaye ngati woimba sali kumbuyo kwake. Pakamwa patalikirane ndi maiki masentimita 15 mpaka 20, pakati pakhale pop filter yotchinga mpweya wa "p" ndi "ph", zilembo zimene Chichewa chathu chadzaza nazo. Ngati mulibe, pindani waya mozungulira n'kukungapo sokosi yopyapyala ya amayi, imagwira ntchito mofanana.

Uzani woimba aimbe pamene pali pokweza kwambiri m'nyimboyo, inu mukukweza gain mpaka muyezo uzifika pakati pa -12 ndi -6 dB, osakhudza kofiira. M'pulogalamu yojambulira sankhani 48 kHz, ndi 24-bit ngati interface yanu ikulola. Akadandaula kuti mawu ake akuchedwa m'mahedifoni, yatsani batani la direct monitor pa interface kapena tsitsani buffer ya m'pulogalamu yojambulira pa 128. Mahedifoni akhale otseka, kuti biti isadonthere m'maiki.

Mukamaliza dulani zapansi pa 80 Hz, ikani compressor pang'ono, reverb, kaja kamkokomo ka mawu, ku mapeto. Maiki ibwerere m'bokosi lake pamodzi ndi timapaketi ta silica tija timapezeka m'makatoni a nsapato, chifukwa chinyezi cha dzinja chimaichititsa kuthetheka ngati mafuta pamoto, ndipo fumbi likamatirira pakachimbale kaja simungalipukute ndi nsalu. Woimba akafika n'kuyamba kuiuzira kapena kuigogoda kuti aone ngati yayaka, mletseni msanga.