Kuphunzitsa OOP yozama kwa a masters ongofika kumene

Mwafunsa kuti muyambire pati pophunzitsa OOP (object-oriented programming, kulemba mapulogalamu pogwiritsa ntchito ma class ndi ma object) kwa ophunzira a masters atsopano, poti ena Java amaidziwa pomwe ena anangolawako Python basi. Ine ndingatere.

Sabata yoyamba musaphunzitse kaye, apatseni kapulogalamu alembe, monga kobwereketsa mabuku ku laibulale, muone mmene akugawira ma class. Pompo mudziwa amene encapsulation (kubisa zam'kati mwa class) ndi polymorphism (method imodzi kuchita mosiyana malinga ndi class) akuzimvetsadi ndi amene anangoloweza kuti akhoze mayeso.

Kenako lowani mu SOLID, mfundo zisanu zokonzera bwino ma class, koma apa musathamange chonde. Pa Liskov substitution, mfundo yoti class yochokera kwa inzake izitha kulowa m'malo mwake osasokoneza kanthu, ija Barbara Liskov anaifotokoza mu 1987, apatseni class ya Square yochokera kwa Rectangle, asinthe width yokha aone height nayo ikusintha ndipo test yowerengera area ikugwa, akadzionera okha ndi pomwe amamvetsa chifukwa chake nthawi zambiri composition (class kukhala ndi object ya class ina mkati mwake) imaposa inheritance (class kuchokera kwa inzake).

Ma design pattern, njira zodziwika zothetsera mavuto obwerezabwereza mu khodi, abwere pambuyo. Onse 23 a Gang of Four (anthu anayi amene analemba buku la Design Patterns) ayi, tengani Strategy, Observer, Factory Method ndi Adapter, ndipo muyambe ndi khodi yodzadza ma if-else, vutolo alimve kaye kenako muwaonetse pattern.

Akatero asinthane khodi, aliyense alembe ma test mu JUnit (chida choyesera khodi ya Java) pa ya mnzake ndiye achite refactoring (kukonza khodi osasintha zomwe imachita), zonse pa Git kuti muziona ma commit. UML (zojambula zoonetsa kapangidwe ka pulogalamu) pang'ono chabe, class diagram ndi sequence diagram zakwana.

Pomaliza project ya magulu a anthu 3 kapena 4, pakati pa semesita musinthe requirement imodzi mwadala, malikisi mupereke poona kuti agwira mafayilo angati kuti zitheke, akakhala ochepa ndiye kuti anagawa bwino.